Cikopa ca Kambuku ndi Eni Ace: Mbiri ya Zobvala za Zikopa m'Dziko la Mpezeni

Munthu woyenda m'tinjira ta Nabvutika m'masiku otsiriza a mwezi wa February akhoza kuona zinthu zimene saziona miyezi ina. Pa cingwe cimene masiku onse amayanikapo malaya ndi zitenje pamalenjekeka cikopa ca mbuzi, micira ya apusi ndi kacikopa ka simba kothothoka ubweya, ndipo pa cipupa pamatsamira cishango ndi cibonga. Eni ace a zinthu zimenezi ndiwo anthu amene caka conse amanyamula anzao pa njinga, kuphwanya miyala m'mphepete mwa phiri, kapena kugulitsa makala pa msika wa Kapata. Koma Loweruka lotsiriza la mwezi umenewu amakwera galimoto kunka ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala, ndipo kumeneko amasanduka ankhondo a Mpezeni. Ana a sukulu poona zimenezi amayesa kuti makolo ao onse kalelo anali kuyenda atabvala zikopa za akambuku, monga aonera pa zithunzi za m'nyuzipepala. Mphunzitsi wa mbiri ayenera kuwaongola anawo, pakuti sikunali tero ai. Cikopa ca kambuku cinali ndi mwini wace, ndipo munthu wamba sakadakhoza kucigula ngakhale akadakhala ndi mbuzi zodzaza khola.

Angoni asanafike, dziko lino linali la Acewa a Mkanda ndi a Undi, Ansenga anali kumadzulo, ndipo Akunda anali ku Malambo, m'cigwa ca Luangwa. Cobvala ca anthu ambiri cinali nyanda, imene ena aicha ciwondo. Mwamuna anali kusenda khungwa la mombo kapena la mtengo wina wotere, nalisula ndi cibonga ca mizeremizere kufikira litafewa ndi kutambasuka. Pamodzi ndi nyandayo anali kubvala nguwo za zikopa za gwape, mbawala ndi mbuzi. Kukonza nguwo inali nchito ya masiku angapo. Atasenda nyama, cikopa anali kucikhomera pansi ndi ziciri kuti ciume cosakwinyika; cikauma nkucipala mkati mwace ndi kasemasema, nkucinyowetsa, nkucidzoza mafuta a nsatsi, nkucifufuta ndi manja mpaka cifewe ngati nsalu. Mwana wakhanda anali kuberekedwa m'cikopa cotere. Osula zitsulo anali kusoka mibvukuto yao ndi zikopa za mbuzi, alenje anali ndi maphodo a zikopa, ndipo ng'oma iri yonse ya pa bwalo inali kulira cifukwa ca cikopa. Mpwitikizi wina dzina lace Antonio Gamitto, amene anapyola dziko la Acewa mu 1831 pa ulendo wocokera ku Tete kunka kwa Kazembe, anapeza anthu akubvala motero, ndipo nsalu ya kunja inali cuma ca mafumu ndi akazi ao.

Zikopa zonse zimenezi zinali za yense amene wapha nyama. Koma panali zikopa ziwiri zimene mlenje sanali kuyesa dala kusunga m'nyumba mwace, ca mkango ndi ca kambuku, amene anthu ena amucha nyalugwe. Lamulo la Acewa linali lakuti wopha njobvu apereke kwa mwini dziko mnyanga umene wagunda pansi, ndipo wopha mkango kapena kambuku atule cikopa kwa mfumu. Nthenga zofiira za mbalame zinali kupita njira yomweyo. Nyakwawa ikalandira inali kupititsa kwa mfumu ya dziko, ndipo mfumu ya dziko inali kutumiza gawo kwa Undi ku Mano, m'dziko limene tsopano liri m'cigawo ca Tete. Mtulo umenewu phindu lace silinali pa kufunda. Mfumu yaing'ono imene yasunga cikopa ca kambuku osacitula inali kunena poyera, ngakhale osatsegula pakamwa, kuti siidziwanso wamkulu pamwamba pace, ndipo mirandu yotere inali kutha ndi mauta. Panalinso cifukwa cina. Ndulu, ndebvu ndi zikhadabo za zirombo zimenezi anthu anali kuziopa kuti zingagwe m'manja mwa munthu wa mtima woipa, motero kunali kwabwino kuti cirombo cifike cathunthu pamaso pa mfumu, onse akuona.

Amalonda a kutali amene analowa m'dziko lino sanadzere zikopa. Apwitikizi a ku Tete ndi a ku Zumbo, Abisa amene anali kusenza katundu kunka kwa Ayao, Aluya a ku gombe, ndi pambuyo pace Acikunda a Matakenya ndi Kanyemba amene anakwera ndi mtsinje wa Luangwa ali ndi mfuti, onsewa anali kufuna minyanga ndi akapolo. M'malo mwace anali kusiya mikanda, onga, mfuti za gogodera, nsalu yakuda ya kaniki yocokera ku India, ndi nsalu yoyera ya merikani, imene dzina lace licokera ku Amereka kumene inali kuombedwa. Cifukwa cace cimene zikopa zinatsalira m'mbuyo ncosabvuta kucimvetsa. Nyama ya m'dziko lotentha siikhala ndi ubweya wocindikala, ndipo anthu a ku Ulaya masiku amenewo anali kufuna ubweya woti uwachinjirize ku cisanu. Ubweya wotere anali kuupeza kumpoto kwa dziko lapansi. Mafumu a ku Russia analanda Siberia yense akulondola kanyama ka ubweya wakuda kochedwa sable, nakakamiza mitundu ya kumeneko kukhoma msonkho wa zikopa. Ku Canada, kampani ya Hudson's Bay, imene inakhazikitsidwa mu 1670, inalemera ndi zikopa za beaver, kanyama ka m'madzi konga katumbu, kamene ubweya wace anali kupangira zipewa za amuna olemekezeka. Pamene anthu a ku London ndi Paris anayamba kukonda zipewa za silika ca m'ma 1830 ndi 1840, mtengo wa beaver unagwa, ndipo kanyamako kanapuma. Nkhani imeneyo iyenera kukumbukiridwa, pakuti zonga zomwezo zinadzacitikira kambuku wa kuno patapita zaka zoposa zana limodzi.

Cikopa cimodzi ca ku Luangwa cimene cinayenda malonda kuyambira kale ndico ca mvuu. Anali kucilenga timizere, naciumitsa, nacisandutsa cikoti. Acikunda anayendetsa naco akapolo, ndipo pambuyo pace a mtengatenga ndi olephera msonkho anacidziwa bwino pa Boma.

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo m'mwezi wa November 1835, tsiku limene dzuwa linada usana. Atayenda mpaka ku dziko la Afipa, kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, kumene Zwangendaba anamwalira, mtunduwo unagawika, ndipo gulu la mwana wace Mpezeni linabwerera kumwera, nilikhala nthawi pakati pa Ansenga, kufikira linakhazikika m'mapiri a kuno ca m'ma 1870. Anthu amenewa anadza ndi mabvalidwe ena. Cuma cao cinali ng'ombe, ndipo cikopa ca ng'ombe cinali pa mtima pa moyo wao. Cishango cimene mnyamata anali kubisalako ku mibvi ya Acewa cinali ca cikopa ca ng'ombe couma gwa, colukidwa timizere pakati ndi kupisamo ndodo. Anyamata anali kulowa m'magulu a nkhondo monga mwa misinkhu yao, ndipo gulu liri lonse linali kufuna zishango mazana. Munthu wamkulu akamwalira anali kumkulunga m'cikopa ca ng'ombe. M'cuuno ankhondo anali kumanga timizere ta zikopa za simba, fungwe, njuzi, pusi ndi nchima, m'mikono ndi m'miyendo micira ya ng'ombe, ndipo kumutu nthenga. Anyamata a Cicewa ndi a Cinsenga amene anagwidwa pa nkhondo anakula m'midzi ya Angoni nabvala zomwezo, kotero kuti patapita mbadwo umodzi cinenero ca Cingoni cinayamba kuzirala, koma mabvalidwe a Cingoni anafalikira.

Pa nkhani ya mkango ndi kambuku, Angoni ndi Acewa anali ndi mtima umodzi. Kwa abale ao Azulu ndi Aswazi cikopa ca kambuku cinali ca a banja la cifumu ndi ca iwo amene mfumu yawaninkha cifukwa ca kulimba mtima, ndipo Angoni anasunga mwambo womwewo. Ici ndico cimene ana a sukulu ayenera kucigwira. M'dziko lonse la Mpezeni anthu oyenera kubvala mawanga a kambuku anali owerengeka, cikopa cimodzi cinali kukhala zaka zambiri, ndipo kambuku wophedwa kawirikawiri anali uja walowa m'khola la mbuzi. Mwambo umene unakweza mfumu unasunganso cirombo, ngakhale panalibe amene anaganizapo zosunga zirombo.

Cakudza siciimba ng'oma. Mu 1885 kunafika kwa Mpezeni Mjeremani wina wa malonda a minyanga, Carl Wiese, amene anakhala bwenzi la mfumu. Mu 1891 iye ananena kuti Mpezeni wampatsa cilolezo ca dziko lalikulu, ndipo pepala limenelo litapita m'manja angapo linabala kampani ya North Charterland Exploration mu 1895, imene inayesa kuti m'mapiri a kuno muli golide. Nsingo, mwana wa Mpezeni ndi mtsogoleri wa ankhondo, anaona kumene zinthu zinali kupita, nafuna kuwapitikitsa alendowo. M'mwezi wa January 1898 asilikari ocokera ku Nyasaland analowa m'dziko ali ndi mizinga ndi mfuti za ciwaya. Cishango cimene cinali kubweza mubvi sicinathe kubweza cipolopolo. M'masiku owerengeka midzi inatenthedwa. Nsingo anagwidwa naomberedwa m'mwezi wa February. Mpezeni, ali nkhalamba, anadzipereka, natengedwa kunka ku Fort Manning, ku Mchinji wa lero, ndipo atabwezedwa kwao anamwalira mu 1900. Ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa ndi kugulitsidwa kwa Azungu. Magulu a nkhondo anatha, ndipo Nc'wala inaleka kucitika. Anthu amene analibenso ng'ombe analibe copangira zishango, ndipo analibenso bwalo lozionetserapo.

Pa malo a midzi yotenthedwayo panamangidwa Fort Jameson, amene anakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kuyambira 1899 kufikira 1911, ndiye Chipata wa lero. M'zaka makumi awiri zotsatira, nsalu inagonjetsa nguwo kotheratu. Boma linaika msonkho wa nyumba wa masheleni atatu, wokhoma ndi ndalama, ndipo ndalama zinali ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia. Anyamata anayenda pansi kunka ku Walale, nabwerera ali ndi mabokosi a malaya, zipewa ndi nsapato. Masitoro a Mandala anatsegulidwa, Amwenye oyamba anafika pa Fort Jameson ca m'ma 1905, ndipo nsalu imene kale inali ya akazi a mfumu inagulidwa ndi yense wokhala ndi sheleni. Amishoni nao anacitapo mbali yao. A Dutch Reformed anayamba pa Magwero mu 1899 ndi pa Madzimoyo mu 1903, Ansembe Oyera anamanga Kachebere mu 1903, ndipo m'sukulu zao atsikana anaphunzira kusoka, aphunzitsi nabvala kabudula ndi malaya a khaki. Kunena zoona, anthu sanacite kukakamizidwa kuti asiye nguwo. Nsalu njopepuka, imacapika, ndipo siisunga nsabwe monga cikopa. Koma cinalakwika ndi ici, kuti cikopa cinayamba kuyesedwa cizindikiro ca umphawi ndi umbuli. Mwana wofika pa sukulu atabvala kanguwo ka mbuzi anali kusekedwa ndi anzace amene atate ao anali ku Walale, ndipo luso lofufuta linatsalira kwa nkhalamba zokha.

Pamene eni dziko anali kubvula zikopa, Azungu anayamba kuzitola. Mu 1900 maboma a ku Ulaya okhala ndi maiko mu Afrika anasonkhana ku London nalemba pangano losunga nyama za m'thengo. Nyama anazigawa m'magulu: zina zosaphedwa konse, zina zophedwa mowerenga, ndi zina zimene anati nzoononga ndipo ziyenera kucepetsedwa. M'gulu lotsirizali anaikamo mkango, kambuku, fisi, mimbulu, katumbu, nyani, ng'ona ndi nsato. Pangano limeneli maiko ena sanalitsimikize, komabe malamulo a nyama m'maiko a Angerezi anatsata maganizo ace. Motero cirombo cimene kwa Undi ndi kwa Mpezeni cinali ca mfumu yekha cinalembedwa m'buku limodzi ndi fisi. Mlimi wa fodya wa pa Fort Jameson akapha kambuku anali kuyala cikopa pansi m'cipinda cace kuti azipondapo, kapena kucitumiza kwao ngati mphatso. Woimba ng'oma yaikulu m'bandi ya asilikari anali kubvala cikopa cathunthu ca kambuku pacifuwa, monga mwa mwambo wa ankhondo a ku England, ndipo akuluakulu a m'midzi poona msilikari wamba atabvala ca mfumu ayenera kuti anagwira pakamwa. Mnyanga wa pansi unasanduka wa Boma. Mlenje wa ku Malambo anafunika kugula citupa kuti aphe nyama imene atate wace anali kuipha atangopempha kwa mfumu ndi kwa mizimu.

M'cigwa ca Luangwa Boma linapatula nkhalango yoyamba mu 1904 cifukwa ca akadyansonga a kumeneko, koma silinaisamale. Mu 1938 linapatulanso Luangwa wa kumwera, Luangwa wa kumpoto ndi Lukusuzi, ndipo anthu a m'midzi ina anasamutsidwa. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti alendo azidza kudzaona nyama ndi maso okha, ndalama zao zizilowa m'thumba la ufumu wa Akunda. Koma m'zaka zomwezo nyama ina ya m'cigwamo inagwa m'manja mwa amalonda. Nkhondo yaciwiri itatha, madona a ku Ulaya ndi ku Amereka anakonda zikwama ndi nsapato za cikopa ca ng'ona. Osaka anali kuyenda usiku m'mabwato ali ndi nyali zowala, naombera pakati pa maso ofiira, nasenda ca kumimba cokha cimene ciri cofewa, nacithira mcere, nyama yonse nkuisiyira miimba. Mphunzitsi wina wa ku Cambridge, Hugh Cott, amene anafufuza za ng'ona ku Uganda ndi ku Northern Rhodesia, analemba mu 1961 kuti ng'ona zirikutha m'mitsinje yambiri, nacenjeza kuti ng'ona iri ndi nchito yace m'madzi, pakuti imadya nsomba zimene zimadya zinzace. Anthu a m'mbali mwa mtsinje, amene ana ao anali kugwidwa pa dooko, sanamve cisoni ndi mau amenewo, ndipo nkobvuta kuwadzudzula.

Tsoka la kambuku linadza ndi cijasi cimodzi. Mu 1962 Jacqueline Kennedy, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la Amereka, anaoneka atabvala cijasi ca zikopa za akambuku cimene anamkonzera Oleg Cassini. Zobvala za mawanga zinalipo kale, koma mai ameneyu anali munthu amene akazi a m'maiko ambiri anali kumtsanzira, ndipo dona ali yense wa ndalama anafuna cijasi conga cimeneco. Cijasi cimodzi cinali kudya akambuku asanu kapena kupitirira. M'caka ca 1968 cokha dziko la Amereka linalowetsa zikopa za akambuku zoposa 9,000, osawerenga zimene zinapita ku London, ku Paris ndi ku Germany. Zambiri zinacokera ku Somalia, Ethiopia ndi Kenya, koma mtengo utakwera panalibe thengo la mu Afrika limene linakhala kutali. Kambuku sabvuta kupha kwa munthu amene alibe ulemu naye, cifukwa amabwerera ku nyama imene wapacika mu mtengo. Ukathirako mankhwala a m'dibi la ng'ombe, mmawa ukamtola ali gone, cikopa cace copanda bala. Wothira mankhwalayo anali kulandira ndalama zocepa, wa sitoro wogula mobisa anali kulandira zocuruka, ndipo phindu leni leni linali kutsalira kutsidya la nyanja. Cassini mwini wace pambuyo pace anamva cisoni ndi cimene anayambitsa, nayamba kusoka zobvala za ubweya wopanga.

Codabwitsa ncakuti m'zaka zomwezo cikopa cinabwereranso pa mapewa a eni ace ndi tanthauzo lace lakale. Pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958, anthu anambveka cikopa ca fungwe monga abvekera mfumu. Albert Luthuli polandira mphotho ya Nobel ku Oslo mu December 1961 anabvala cisoti ca kambuku ca ufumu wace. Mu October 1962, caka comwe ca cijasi cija, Nelson Mandela analowa m'bwalo la mirandu ku Pretoria atafunda cikopa monga mwa mwambo wa kwao, kuti woweruza adziwe kuti alikuweruza mwana wa eni dziko. Mobutu wa ku Congo anatenga cisoti ca kambuku nacisandutsa cizindikiro ca ulamuliro umene palibe mtundu unamninkha. Cikopa cimodzimodzi cinali kunena za cuma ku New York ndi za ufulu ku Pretoria, ndipo ku mbali zonse ziwiri wolipira anali kambuku.

Malonda a zijasi anatha msanga monga anathera a zipewa za beaver. Anthu a ku Ulaya ndi ku Amereka anayamba kuwanyoza obvala mawanga m'miseu. Mu 1971 bungwe la amalonda a ubweya a m'maiko onse linabvomera kuleka kugula zikopa za akambuku kwa zaka zitatu, mu 1972 Amereka analetsa kuzilowetsa, ndipo pa 3 March 1973 maiko anasaina ku Washington pangano la CITES, limene linayamba kugwira nchito mu 1975 ndi kuika kambuku m'gulu la nyama zosaloledwa kugulitsidwa kunja. Zambia analowa m'panganoli pa ciyambi ca zaka za 1980. Luangwa wa kumwera anali atakwezedwa kale mu 1972 kukhala nkhalango ya dziko lonse, ndipo alendo amamdziwa ngati amodzi a malo amene munthu angaone kambuku mosabvuta. Khomo limodzi linasiyidwa lotseguka: alenje olemera a kunja amaloledwa kupha kambuku ndi citupa ca mtengo wapatali ndi kupita naco cikopa kwao, ndipo pangano linapatsa Zambia malire a zikopa 300 pa caka. Mu 2013 Boma linaimitsa kusaka mikango ndi akambuku, koma mu 2015 linalolanso kusaka akambuku. Munthu wa ku Nabvutika amene wamva kuti mlendo watuluka ndi cikopa pa bwalo la ndege, pamene iye angamangidwe cifukwa ca cikopa ca agogo ace copanda citupa ca umwini, ali ndi funso limene lamulo la nyama la 2015 silimyankha mokhutiritsa.

Mu 1980, patapita zaka 82, Mpezeni wacitatu anadzutsanso Nc'wala. Kuyambira pamenepo caka ndi caka mfumu imacoka ku Ephendukeni kunka ku Mtenguleni, imalawa zipatso zoyamba za m'munda, ndipo ng'ombe yakuda ikalasidwa imamwa mwazi wace, ankhondo akupondaponda ingoma mpaka nthaka kunjenjemera. Zidzukulu za anthu amene anasekedwa cifukwa ca nguwo zinayamba kufunafuna nkhalamba zodziwa kufufuta. Palibe munthu wa mtima wabwino amene angadandaule nazo zimenezi, pakuti mtundu umene unathyoledwa mu 1898 unaimiriranso. Koma Nc'wala ya masiku ano siiri ngati ya Mpezeni woyamba. Kumasonkhana anthu zikwi zambiri, ocokera ku Lusaka ndi ku Migodi, kwa Gomani ndi kwa M'mbelwa ku Malawi, ku Mozambique, ku Tanzania ndi ku South Africa. Lamulo lakale lonena kuti uyu abvale cakuti ndi uyo cakuti linafooka pamodzi ndi magulu a nkhondo, ndipo m'malo mwace munalowa ndalama. Wamalonda wa ku Lusaka amene afuna kuoneka bwino pa cithunzi amagula mawanga amene agogo ace sakadayesa kuwakhudza, pamene Mngoni weniweni wa ku Nabvutika, wa mfunda wa Jere kapena Tembo, amamanga ca mbuzi. Zikopa za njuzi, simba ndi fungwe, zimene palibe amaziwerenga, zimafunika zambirimbiri, ndipo zimacokera m'misampha ya waya ya ku Malambo ndi kutsidya la malire. Cimene madona a ku Ulaya anacita ndi zijasi, mwambo wopanda mlonda ukhoza kucicitanso pang'ono pang'ono.

Bvuto lomweli linaoneka kwina lisanaoneke kuno. Ku South Africa amuna a mpingo wa Shembe amabvina atabvala zikopa za akambuku pamapewa, ndipo amasonkhana zikwi zikwi. Mu 2013 bungwe losamala zirombo za mtundu wa mphaka, lochedwa Panthera, linapangana ndi akulu a mpingowo kupanga nsalu ya ubweya yofanana ndi cikopa ceniceni, yolembedwa mawanga motsanzira kambuku weniweni, ndipo anagawa zoposa 18,000. Mu 2019 a ufumu wa Barotse anacita cimodzimodzi cifukwa ca opalasa bwato la Litunga pa Kuomboka, amene amamanga zikopa m'cuuno. Pambuyo pace bungwe lomwelo linapangana ndi a ufumu wa Mpezeni, ndipo zikopa zopangazo zinayamba kuoneka pa Mtenguleni. Akulu ena amang'ung'udza kuti mizimu ya makolo siidziwa nsalu ya ku fakitale, ndi kuti cobvala cimene sicinakhalepo ndi mwazi sicingampatse munthu ukali wa cirombo. Ena amayankha kuti makolo omwewo analandira mikanda ya ku Ulaya naiyesa yao, ndi kuti copangaco sicibvunda ndi mvula ya February, sicidyedwa ndi njenjete, ndipo mwini wace saopa wapolisi pa mseu.

Akazi a ku Nabvutika sanadikire mapangano amenewa. Kuyambira zaka za 1980, pamene mabelo a salaula anayamba kudzaza misika ya Zambia, m'miyulu ya zobvala zakale za ku Ulaya mumapezeka masiketi, mipango ndi zijasi za ubweya wopanga zolembedwa mawanga a kambuku, zidzukulu za cijasi cija ca 1962. Mai wa ana amasankha cimodzi pa msika wa Kapata ndi makwacha owerengeka, nacidula timizere, nasokera mwana wace wamwamuna cobvala ca m'cuuno ndi kamkombero ka kumutu, kuti akabvine ingoma pamodzi ndi anzace a pa sukulu.